Gordon Parks adamenya tsankho ndi kamera

Mu 1942, mayi wina wachikuda adajambulidwa ataima patsogolo pa mbendera ya dziko la America, tsache lili m'manja, chokolopera chili pambuyo pake. Mayiyo adali Ella Watson, yemwe ankasesa ndi kukolopa m'maofesi a boma mumzinda wa Washington. Chithunzicho, chomwe chimatchedwa American Gothic, chidaonetsa poyera momwe anthu akuda ankavutikira m'dziko lodzitama ndi ufulu.

Mwini luso limeneli adali Gordon Parks, yemwe adabadwa pa 30 November 1912 ku Fort Scott, m'chigawo cha Kansas. Iye adali chitsiriza m'banja losauka la ana 15. Mayi ake atamwalira akadali mnyamata, adakakhala kwa mlongo wake ku St. Paul, koma posakhalitsa mlamu wake adamupirikitsa pakhomopo.

Zitatero, Parks adayamba kudzisakira yekha chakudya. Adaimbako piyano m'malo achisangalalo, kenaka adapeza ntchito yoperekera zakudya m'sitima yapamtunda. M'sitimamo ndi momwe adaona magazini yokhala ndi zithunzi za alimi ovutika, zomwe zidamukhudza mtima mpaka adakagula kamera kusitolo ya pinyolo mumzinda wa Seattle. Sukulu yojambula sadapiteko, adadziphunzitsa yekha.

Mu 1948, zithunzi zake za mtsogoleri wa gulu la anyamata ovuta ku Harlem, mumzinda wa New York, zidamupezetsa ntchito ku magazini ya Life. Adali munthu wakuda woyamba kulembedwa ntchito yojambula kumeneko.

Mkuluyu sankangojambula n'kuchoka. Mu 1961 Life idamutuma ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, komwe adapeza Flavio da Silva, mwana wa zaka 12 wodwala mphumu, akulera abale ake m'chisakasa. Zithunzizo zitatuluka, owerenga adasonkha ndalama. Flavio adakalandira chithandizo ku Denver, ku America, ndipo banja lake lidapeza nyumba yabwinoko. Patatha zaka, Parks adabwereranso kukamuona, ndipo mu 1978 adatulutsa buku lofotokoza moyo wake.

Kuchoka pa zithunzi, Parks adalowa m'mafilimu. Mu 1969 adatsogolera filimu ya The Learning Tree, yochokera m'buku lake lokamba za ubwana wake ku Kansas. Apa adakhala wakuda woyamba kutsogolera filimu ya kampani yaikulu ya ku Hollywood. Mu 1971 adatulutsa Shaft, momwe Richard Roundtree adasewera ngati katswiri wofufuza milandu payekha, ndipo nyimbo yake idapezetsa Isaac Hayes mphoto ya Oscar.

Parks adamwalira pa 7 March 2006 ku New York ali ndi zaka 93. Buku la mbiri yake, lomwe lidatuluka mu 1966, adalitcha A Choice of Weapons, kutanthauza kusankha zida. Pa zida zonse zomenyera umphawi ndi tsankho, iye adasankha kamera.