Anheuser-Busch ndi luso loyendetsa mowa ulendo wautali

Anthu ambiri akamva kuti kampani imodzi yofulula mowa inafika pogwira pafupifupi theka la msika wa dziko lalikulu ngati America, amaganiza kuti pali chinsinsi cha kaphikidwe chimene eni ake adatsekera m'bokosi, pomwe zofunika pofulula mowa wa m'botolo n'zodziwika kwa aliyense wa ntchitoyi ndipo zikuluzikulu ndi zinayi: madzi, chimera, hops ndi yisiti. Chimera cha mowa umenewu chimachokera ku balere, mbewu imene amainyika m'madzi mpaka imere kenako n'kuiumitsa, monga momwe amayi ofulula masese amachitira ndi mawere kapena mapira. Hops ndi maluwa a chomera choyanga amene amapatsa mowa kuwawa ndi fungo komanso amauteteza kuti usawonongeke msanga. Yisiti ndi tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timadya shuga wa m'chimera n'kutulutsa ukali woledzeretsa pamodzi ndi mpweya umene umabweretsa thovu. Kuphika sikuvuta kwenikweni. Chimene chimasowetsa tulo wofulula ndi choti mowa wophikidwa lero ukafike kutali usanasase, ndiponso kuti ukome chimodzimodzi ndi umene unaphikidwa chaka chatha, ndipo Anheuser-Busch, ya mumzinda wa St. Louis m'chigawo cha Missouri, inakula chifukwa inathana ndi vuto limeneli anzake asanadzidzimuke.

Fakitale yoyamba inamangidwa m'chaka cha 1852 ndi George Schneider, mmodzi mwa Ajeremani ambirimbiri amene ankasamukira kumidzi ndi mizinda ya m'mbali mwa mtsinje wa Mississippi nthawi imeneyo. Malonda sanayende bwino, ndipo pofika 1860 fakitaleyo inagwera m'manja mwa Eberhard Anheuser, munthu amene chuma chake chinachokera ku sopo, osati ku mowa. Chaka chotsatira mwana wake wamkazi, Lilly, anakwatiwa ndi Adolphus Busch, mnyamata wobadwira ku Kastel pafupi ndi Mainz m'chaka cha 1839, amene anafika ku St. Louis mu 1857 ndipo ankagulitsa zipangizo kwa ofulula mowa. Mkamwini ameneyu analowa m'bizinesi ya apongozi ake, mu 1869 anagula gawo la mnzawo wa apongoziwo, William D'Oench, ndipo mu 1879 kampani inatenga dzina la mabanja onse awiri. Anheuser atamwalira mu 1880, chiwongolero chonse chinatsala kwa mkamwini.

Kuti munthu amvetse zimene Busch anachita, ayenera kudziwa kaye mtundu wa mowa umene Ajeremani anabwera nawo, wotchedwa lager, dzina lochokera ku mawu a Chijeremani otanthauza kusunga. Yisiti ya lager imagwira ntchito pang'onopang'ono pamalo ozizira, pafupifupi madigiri 10, ndipo ikamaliza imadikha pansi pa thanki. Kenako mowawo umasungidwa kwa milungu ingapo pamalo ozizira kwambiri kuti uyere ndi kutaya fungo losafunika. Makina oziziritsira asanabwere, zimenezi zinkatheka pokhapo pamene panali mapanga ndi madzi oundana, ndipo St. Louis anali ndi mwayi wa zonse ziwiri, popeza pansi pa mzindawo pali mapanga a miyala ya laimu ndipo madzi oundana ankadulidwa m'nyengo yachisanu n'kusungidwa. Koma mowa ukangotuluka m'phangamo masiku ake ankayamba kuwerengeka. Aliyense amene adaonapo masese kapena chibuku chikufufuma ndi kusasa patangopita masiku ochepa akudziwa chifukwa chake: yisiti ndi tizilombo tina zimakhala zikadali zamoyo m'katimo, ndipo kutentha kumazifulumizitsa. N'chifukwa chake mowa wa nthawi imeneyo unkamwedwa kumene waphikidwira, tauni iliyonse ili ndi ofulula akeake, mwakuti m'chaka cha 1873 America inali ndi mafakitale a mowa oposa 4,000.

M'zaka za m'ma 1870 Busch anatenga nzeru ya Louis Pasteur, katswiri wa ku France amene anaonetsa kuti chakumwa chikatenthetsedwa pang'ono tizilombo toononga timafa, ndipo anaigwiritsa ntchito pa mowa wa m'mabotolo anthu ambiri a ku America asanayambe kutero ndi mkaka. Njira yake ndi yosavuta kuifotokoza: mabotolo odzaza ndi otseka kale amatenthetsedwa ndi madzi mpaka pafupifupi madigiri 60 kwa mphindi zingapo, kutentha kokwanira kupha tizilombo koma kosafika powiritsa mowa, kenako amaziziritsidwa. Mowa wotere umatha miyezi. Ofulula ena mpaka lero amadandaula kuti kutenthetsako kumachotsako kukoma, ndipo sanama kwenikweni, koma mowa wokoma umene wasasira panjira palibe amene amaugula. Mowa wa m'migolo, umene sunkatenthetsedwa, unafuna njira ina, ndipo apa Busch anaika ndalama m'mabogi a sitima oziziritsidwa ndi madzi oundana, anathandiza kukhazikitsa kampani yopanga mabogiwo mu 1878, ndipo anamanga nyumba zosungiramo madzi oundana m'mbali mwa njanji kuti sitima ziziwonjezera panjira. Motero mowa wa ku St. Louis unayamba kumwedwa ku Texas ndi madera ena otentha kumene kuphika lager kunali kovuta.

Budweiser inatuluka mu 1876, Busch atagwirizana ndi mnzake Carl Conrad, wogulitsa zakumwa, ndipo inapangidwa mwadala kuti ikhale yoyera, yopepuka ndi yosawawa kwambiri, motengera mowa wa ku Bohemia. M'kaphikidwe kake muli mpunga, chinthu chimene otsutsa amachitenga ngati umboni wa kuumira, koma chiyambi chake chinali china: balere wolimidwa ku America anali ndi mapuloteni ambiri amene ankachititsa mowa kuoneka wamatope ukazizira, ndipo kusakaniza mpunga, umene uli ndi sitachi wambiri koma mapuloteni ochepa, kunkayeretsa mowawo. Tizidutswa ta mtengo wa beech timene kampani imanyadira m'malonda ake sitipereka kukoma kulikonse, pakuti timawiritsidwa kaye tisanaikidwe m'thanki. Ntchito yake ndi kupatsa yisiti malo ambiri okhalapo kuti imalize kuyeretsa mowa. Dzina lokhalo ndi limene linabweretsa milandu, chifukwa Budweiser amatanthauza chochokera ku Budweis, mzinda umene lero ndi České Budějovice m'dziko la Czech, ndipo kampani ya kumeneko, Budějovický Budvar, yokhazikitsidwa mu 1895, yakhala ikulimbana ndi Amereka m'makhothi a mayiko ambiri kwa zaka zoposa zana.

Mu 1901 kampani inadutsa migolo 1 miliyoni pachaka, mgolo umodzi pa muyeso wa ofulula a ku America uli pafupifupi malita 117. Adolphus Busch anamwalira mu 1913, osaona tsoka limene linagwera mwana wake, August Busch Sr., pamene boma linasintha malamulo oyendetsera dziko n'kuletsa kupanga ndi kugulitsa zoledzeretsa kuyambira Januwale 1920. Mafakitale ambiri anatseka osatsekulanso. Anheuser-Busch inapulumuka pogulitsa chilichonse chimene makina ake akanatha kupanga: chakumwa chosaledzeretsa chotchedwa Bevo, ayisikirimu, yisiti ya ophika buledi, ngakhalenso manyuchi a chimera, amene ogula ambiri ankakafululira mowa mobisa kunyumba kwawo, eni kampani akuyang'ana kumbali. Phindu linali lochepa, koma makina sanachite dzimbiri ndipo amisiri sanabalalike, kotero kuti mowa wopepuka utaloledwanso pa 7 Epulo 1933 kampaniyi inali yokonzeka. Mahatchi akuluakulu a mtundu wa Clydesdale, amene mpaka lero ndi chizindikiro chake, anayamba kuoneka mwezi womwewo.

Gawo limene wofulula angaliyamikire koposa linadza nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, August Busch Jr., wodziwika kuti Gussie, atatenga utsogoleri mu 1946. Iye anaona kuti kunyamula mowa, umene mbali yake yaikulu ndi madzi, kuchokera mumzinda umodzi kupita m'America yense n'kuwononga ndalama, ndipo anayamba kumanga mafakitale pafupi ndi ogula: Newark mu 1951, Los Angeles mu 1954, Tampa mu 1959, mpaka anadzakwana 12. Munthu wakunja angaone ngati kumeneku n'kungochulukitsa nyumba, koma madzi a malo aliwonse ali ndi mchere wakewake, balere ndi hops zimasintha chaka ndi chaka malinga ndi mvula, ndipo yisiti ndi chamoyo chimene chimasintha khalidwe chikapanda kusamalidwa. Mowa wopepuka ngati Budweiser ulibe pobisa cholakwa, mosiyana ndi mowa wakuda kapena wowawa kwambiri umene umaphimba zambiri. Kampani inkatumiza yisiti ya mtundu umodzi kuchokera ku St. Louis kupita kumafakitale onse, ndipo mowa wa fakitale iliyonse unkabwezedwa kulikulu kuti akatswiri olawa auyerekeze ndi unzake. Munthu ali ndi ufulu wonena kuti mowawo ndi wozizira kukamwa ngati madzi, koma wodziwa ntchitoyi sanganyoze luso lopanga chinthu chimodzimodzi m'malo 12 chaka ndi chaka. Mu 1957 Anheuser-Busch inapitirira Schlitz ya ku Milwaukee n'kukhala yoyamba m'America, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 mafakitale a mowa m'America yense anali atatsika kufika pansi pa 100.

Zotsalazo zinali nkhondo ya kutsatsa malonda. Gussie anali atagula kale timu ya baseball ya St. Louis Cardinals mu 1953, ndipo mwana wake, August Busch III, amene anamuchotsa pampando mu 1975, anathira ndalama zambiri m'masewera a pa kanema pofuna kuyankha kampani ina ya mowa, Miller, imene inali itagulidwa ndi kampani ya fodya ya Philip Morris ndipo inkakwera ndi Miller Lite. Yankho lake, Bud Light, linatuluka mu 1982. Popeza malamulo a pambuyo pa chiletso cha mowa chija amalekanitsa wofulula, wopikulitsa ndi wogulitsa, kampani sinkatha kukhala ndi mabala akeake, choncho inalimbikira kukopa opikulitsa kuti magalimoto awo azinyamula mowa wake wokha.

Kulimbikira msika wa kwawo kunaichititsa kuchedwa kunja, kumene ena ankamezana n'kumakula. Mu 2008 InBev, yopangidwa mu 2004 pophatikiza Interbrew ya ku Belgium ndi AmBev ya ku Brazil, inagula Anheuser-Busch pa mtengo wa madola 52 biliyoni, ulamuliro wa banja la Busch unatha, ndipo likulu linakhala ku Leuven, ku Belgium. Mu 2016 kampani yatsopanoyo, AB InBev, inameza kampani ina yaikulu ya mowa, SABMiller, pa ndalama zoposa madola 100 biliyoni, ndipo kuchokera pamenepo wakumwa Mosi ku Chipata, 2M ku Tete kapena Castle ku Johannesburg akumwa mowa wa mwini mmodzi ndi Budweiser. Kwawo ku America, mu 2023 Bud Light inataya malo oyamba pa malonda a m'masitolo kwa Modelo Especial, mowa wa ku Mexico umene AB InBev ndi mwini wake m'mayiko ena onse, koma umene boma la America linaikakamiza mu 2013 kugulitsa ufulu wake wa m'dzikomo kwa kampani ya Constellation Brands poopa kuti kampani imodzi ingakule mopitirira muyeso.