Chitsamba Chimene Chimamwa Mchere

Ambiri akamva kuti ntchito yathu ndi kufufuza zomera amayesa kuti timangopachika maina a Chilatini pa masamba ouma. Koma funso limene limatisowetsa tulo ndi lakuti, chomera china chimakhala bwanji ndi moyo pamene zinzake zonse zafota? Palibe chimene chimayankha momveka kuposa chitsamba chotuwa cha m'zigwa zouma za ku Australia, chotalika mpaka mamita 3, chimene John Lindley anachitcha Atriplex nummularia m'chaka cha 1848, ndipo oweta nkhosa a kumeneko amachitcha saltbush.

Nthaka ya mchere imapha mbewu ndi ludzu ngakhale ikhale yonyowa, pakuti madzi amatsata kumene mchere wachuluka, kotero kuti muzu, m'malo mwa kumwa, umalandidwa ngakhale timadzi timene unali nato. Chitsamba ichi sichiukana mcherewo ayi. Chimaumwa dala kufikira madzi a m'thupi mwake atawawa kuposa a m'nthaka, ndipo pamenepo chinyezi chimalowa chokha m'mizu yake. Nanga mchere wopitirira muyezo umapita kuti? Kuona maso a nkhono n'kudekha: mukaika tsamba lake pansi pa galasi lokulitsa zinthu, mudzapeza kuti lakutidwa ndi timatumba tosawerengeka m'mene mcherewo umatsanulidwa, ndipo timatumbato tikadzaza timaphulika n'kusiya fumbi lotuwa limene limabweza cheza cha dzuwa kuti tsamba lisapse.

Chimene chimandizizwitsa koposa ndi mbewu yake, imene imagona pakati pa timakoko tiwiri tamchere tomwe timailetsa kumera kufikira mvula yeniyeni itatitsuka. Motero kamvula kowaza, kamene kamanyenga alimi ambiri kuti adzale msanga, sikainyenga konse. Tsono musadabwe ndikakuuzani kuti chitsambachi ndi cha banja limodzi ndi bonongwe wathu, ndipo zonse ziwiri, monganso chimanga, zimapanga chakudya chawo m'njira yosaononga madzi.

Alimi a ku Karoo m'dziko la South Africa anachidzalanso kuti nkhosa zipulumuke m'zaka za chilala, pakuti sichiyoyola masamba msipu ukatha. Koma iye wochitama asaiwale kuti nkhosa yodya masamba amchere imamva ludzu lalikulu; popanda madzi abwino ambiri ndi udzu wouma woonjezera, siinenepa.