Zitsulo Zomangira Lona pa Ngolo ndi pa Lole

Alimi anzathu, tonse tidziwa kuti kuno ku Thyolo nyengo yokolola ndi yogulitsa siikhala ya dzuwa lokha-lokha monga ikhalira ku cigwa ca Shire. Kuyambira mwezi wa May kufikira August, pamene cimanga ciri pa mikukwe ndipo fodya ali m'mabelo, imaomba mphepo yozizira yocokera kum'mwera ca kum'mawa itasenza nkhungu ndi mvula yamawawa. Imeneyi ndiyo ciperoni, dzina locokera ku phiri la Chiperone la m'dziko la Mozambique. Mvula yace iribe mabingu ndipo siicenjeza munthu. Mlimi anyamuka pakhomo kuli mbee, pofika pa Bvumbwe apeza kunja kwada bii. Tiyi aikonda mvula yotere cifukwa imsunga wobiriwira m'miyezi youma, koma kwa ife a cimanga ndi fodya ndiyo mbala yakuba masana.

Cifukwa ca ici alimi ambiri agula lona lofunditsa katundu, ndipo acita bwino. Koma taona kuti pogula aphaphasa nsaru yokha, nafunsa kukula kwace ndi mtengo wace, osayang'ana timphete ta m'mphepete momwe mupita cingwe. Ife tomwe tinalakwapo motero. Caka cina tinaperekeza alimi a kalabu ina amene anabwereka lole kuti itule fodya wao ku okushoni ya ku Limbe, kumene fodya wa dziko lino anayamba kugulitsidwa mopikisana mitengo mu 1938. Lona linali latsopano, ndipo ndife tinawauza kuti ndi labwino. Tisanafike pa Chigumula timphete titatu ta kutsogolo tinazuka, mphepo inalowa pansi, lona linatukumuka ngati thanga la ngalawa ndi kung'ambika kufikira pakati. Mabelo a pamwamba ananyowa ndipo anabwezedwa. Eni ace anawamasula, nayanika, nasankhanso, nalipira ulendo waciwiri. Pobwerera palibe anatinena, koma kukhala cete kwaoko tinakumva. Tinatola kamphete kamodzi pansi pa lole. Kanali kopyapyala ngati cibekete ca mkaka, ndipo tinakapinda ndi zala ziwiri.

Ponena kuti lona linatukumuka ngati thanga sitikuseka ai. Lona ndi thanga ndi pacibale, ndipo nzeru zonse zomangira nsaru pa mphepo zinayamba ndi anthu a pamadzi. Pa nyanja yathu zombo za matanga zinayenda kale m'masiku a Jumbe wa ku Nkhotakota, m'zaka za m'ma 1800. Mwera umene ubvutitsa asodzi kumeneko m'miyezi ya June ndi July ndi mphepo imodzimodzi ndi imene itibweretsera ciperoni kuno. Munthu wa pa combo adziwa kuti thanga siliyamba kung'ambika pakati, liyambira pa cibowo pamene cingwe cikoka, ndipo cifukwa cace asokerera cingwe m'mphepete monse ndi kuphatikiza nsaru ziwiri kapena zitatu pa ngodya. Kumbukiraninso kuti lole ikathamanga kawiri kuposa poyamba, mphamvu ya mphepo pa lona icuruka kanai. Mphamvu yonseyo ithera pa timphete.

Kwathu kuno sitisowa poonera. Tiyi anabzalidwa ku Thyolo kuyambira mu 1908 pa Bandanga, ndipo Satemwa inatsegulidwa mu 1923. Motero kwa zaka zoposa zana katundu woopa madzi wakhala akuyenda m'miseu yathu ino, pakuti tiyi wopanga-panga amakoka cinyezi msanga ngati mcere. Ambiri a inu munagwirapo nchito m'minda imeneyi. Mukaona lole yonyamula tiyi itaima, weramani muyang'ane kunsi kwa thupi lace. Mudzaona ngowe zacitsulo zitandandalika mbali zonse ziwiri, zoloza pansi, zotalikirana mofanana. Woyendetsa safuna-funa pomanga. Cingwe cicoka pa kamphete, citsika pa ngowe, cikwera pa kamphete kotsatira, ndipo kulemera kwa mphepo kugawanika pa malo ambiri. Ngolo zathu zambiri ziribe ngowe ndi imodzi yomwe, ndiye cifukwa cace timangirira pa cipilala ciri conse cimene tapeza, kwina kothina kwina kolendewera.

Tsono tiyambe ndi timphete, popeza ndipo pagona nkhani. Kamphete kabwino ndi ka mkuwa wacikasu. Mkuwa sucita dzimbiri. Umangozirala mtundu, nthawi zina kubiriwira pang'ono, koma sudya nsaru. Citsulo wamba cicita dzimbiri m'nkhungu za kuno nyengo imodzi isanathe, ndipo dzimbirilo lifoola ulusi wozungulira cibowo kufikira kamphete kagwa kokha ngati dzino la mwana. Bvuto ndi lakuti m'masitolo muli timphete ta citsulo topakidwa mtundu wa mkuwa pamwamba, ndipo ndi maso simungasiyanitse. Pitani ndi maginito m'thumba. Sipika ya wailesi yakufa iri nayo. Kamphete kakamamatira ku maginito, kasiyeni, ndi citsulo cobvala maraya a eni. Kakakana, ndi mkuwa. Ta aluminiyamu nato tikana maginito, koma mudzatidziwa ndi kuyera ndi kupepuka kwace. Ndito timabwera pa malona a pulasitiki otsika mtengo, ndipo ndito tinaticititsa manyazi pa Chigumula. Palinso ta citsulo cosacita dzimbiri, timene eni mabwato a matanga a masiku ano amakonda. Ndi tolimba ndithu, koma mtengo wace ndi waukuru ndipo tibvuta kukhomera ndi nyundo ya pamudzi.

Pa mabwato omwewo nsaru zofunditsa amazigwiritsa ndi mabatani odina, kapena tizitsulo topotokola timene tilowa m'cibowo ndi kutembenuka. Wina anatifunsa ngati zotere zingathandize pa ngolo. Ife tikuti iai. Zimenezo zifuna kuti nsaru ikhale malo amodzi masiku onse, pamene katundu wa mlimi lero ndi mabelo asanu, mawa matumba khumi, mkuja nkhuni. Ndiponso fumbi la miseu yathu lizitseka msanga.

Nanga timpheteto tipezeka kuti? Yambani ku masitolo a zitsulo a ku Limbe, ndipo wogulitsa adzamva msanga mukanena kuti eyelet. Mukasowa kumeneko funsani amisiri osoka matenti ndi mipando ya galimoto, pakuti iwo agula tambiri nthawi imodzi ndipo kawiri-kawiri abvomera kukukhomerani pa mtengo wocepa. Kwa osoka nsapato musatayeko nthawi. Tao ndi tocepetsa. Musapite cimanja-manja. Dulani kacidutswa ka cingwe cimene mudzamangira, ndipo muone kuti cipita m'kamphete momasuka. Cibowo ca theka la inci, ndiwo mamilimita 12 kapena 13, cikwanira nchito zathu zambiri. Kamphete kali konse kali ndi zigawo ziwiri, cina cokhala ndi khosi ndi cina caphanthi-phanthi, motero werengani zonse musanacoke pa sitolo. Pafunikanso ciboolero ndi citsulo cokhomera, ndipo ziyenera kukhala za msinkhu womwewo wa timpheteto. Zida ziwirizi mlimi mmodzi azigwira masiku awiri pa caka, cotero nkwanzeru kuti kalabu igule zimodzi ndi kuzisungitsa kwa mlembi.

Pokhoma, pindani mphepete ya lona kawiri ndi kuisoka, ndipo pa ngodya onjezani cigamba. Boolani pa citsa ca mtengo wolimba, cibowo cikhale cothina pang'ono kuti khosi lilowe mokakamiza. Siyani nsaru yokwana cala cacikuru pakati pa cibowo ndi mphepete. Khomani pang'ono-pang'ono, mukutembenuza citsulo, kufikira khosi litapindikira bwino. Kamphete kakamazungulira mukakagwira ndi zala, sikanagwire. Timphete titalikirane mapazi awiri, ndiwo masentimita 60, koma mbali ya kutsogolo, imene ikumana ndi mphepo, tiyandikane koposa apo.

Tidziwa kuti ena adzati ndalama yopitira ku Limbe palibe. Musataye mtima, pakuti anthu a pa zombo anasoka mabowo ao ndi manja mkuwa usanacuruke, ndipo njira yao ife tiikonda kuposa kamphete konyenga. Cingwe ca khonje cimakhala ndi nkhosi zitatu zopotana. Masulani nkhosi imodzi, yaitali katatu ndi theka kuposa kuzungulira kwa mphete imene mufuna. Ipindeni ngati cibangiri, ndipo pitirizani kuipota motsata mikwasa yace yomwe kufikira itazungulira katatu. Mudzapeza mphete ya cingwe yopanda mfundo. Iikeni pa cibowo, ndi kuisokerera mozungulira ndi singano ya matumba, ulusi wace wolimba wopakidwa phula la njuci kuti usamwe madzi. Masokedwe ayandikane kuti cingwe cisaoneke. Yoyamba idzakutengerani nthawi ndipo idzapotoka. Yacitatu mudzaionetsa kwa anzanu. Ndi nchito yabwino ya madzulo, ndipo ana a sukulu aiphunzira msanga kuposa ife akulu.

Kamphete kakazuka muli pa ulendo, musaboole lona ndi mpeni. Tolani mwala wosalala wonga dzira la nkhunda, uphimbeni ndi nsaru pafupi ndi pong'ambikapo, mangani cingwe pa khosi lace, ndi kukokera ku ngowe. Mwalawo ugwira nsaru yambiri nthawi imodzi ndipo udzakufikitsani.

Za ngowe sizibvuta. Amisiri a zitsulo a pa Luchenza, pa Bvumbwe ndi pa boma angakupindireni kucokera ku citsulo cozungulira conenepa ngati pensulo, ndipo zina zipezeka pa matupi a malole akufa. Ziikeni kunsi kwa thabwa la m'mbali, zoloza pansi, ngowe iri yonse pakati pa timphete tiwiri. Mangani ndi bauti wopyola thabwa, osati msomali, cifukwa msomali ugwedera ndi mabampu ndipo tsiku lina uzuka pamodzi ndi ngowe. Palani nsonga zace zisakhale zakuthwa, ndi kuzipaka utoto kapena mafuta akuda a galimoto.

Pa cingwe pali cinthu cimene ambiri sacidziwa. Khonje likanyowa lifupika, ndipo lona la thonje licita cimodzimodzi. Mlimi amanga kolimba dzuwa likuwala, ciperoni cidza usiku, zonse ziwiri zikokana, ndipo m'mawa apeza mabowo atang'ambika popanda mphepo, nayamba kuganizira anansi ace. Mankhwala ace ali pafupi: dulani mphira ya cubu cakale m'lifupi mwace kuti ituruke mphete, ndi kuiika pakati pa cingwe ndi ngowe. Mphira imatamuka cingwe cikafupika, imabweza cikalendewera. Koma mphira imapsya ndi dzuwa, cotero isintheni ikayamba ming'alu, ndipo poikoka cotsani nkhope, pakuti ikaduka ilasa diso. Zingwe za pulasitiki sizifupika ndi madzi, koma nazo zifumbutuka zikakhalitsa pa dzuwa.

Mutamanga bwino cotere, musaiwale kuti lona lingathe kuononga cimene lafunditsa. Apanso a tiyi atiphunzitsa. Masamba othyoledwa kumene sawatsendera kapena kuwatsekera mpweya, cifukwa atentha okha ndi kufiira asanafike ku fakitale. Cimanga cosauma bwino ncimodzimodzi. Mukacitsekera pansi pa lona la pulasitiki cituruka thukuta, ndipo cuku cimera. Cuku cimeneci si cocepsa. Mu 1960 ku England zinafa nkhukundembo zoposa 100,000 zitadya cakudya ca mtedza wocokera ku Brazil, ndipo pofufuza akatswiri anapeza ululu wa cuku, dzina lace aflatoxin, umene uononga ciwindi ca munthu ndi ca ciweto, ndipo sutha ndi kuphika. Umera pa mtedza ndi pa cimanga pomwe. Cifukwa cace pofunditsa cimanga pakhomo, pingasani mtanda pamwamba kuti lona likhale ngati denga, lisakhudze cimanga, madzi atsetsereke, ndi mpweya upite kunsi. Zikhomo zikhomedwe mopendekera kunja. Dzuwa likaturuka, bvundukulani. Pa ngolo napo ikani mtengo umodzi m'litali pamwamba pa katundu kuti madzi asadikhe pakati, pakuti thamanda la pa lona lilemera ndipo likoka timphete usiku wonse.

Nyengo ikatha, yanikani lona liume gwa musanalipinde, ndi kulipacika pa mtanda m'nyumba, kutali ndi ciswe ndi makoswe. Mwezi wa March kapena April, fodya asanayambe kupita ku msika, liyaleni pabwalo ndi kuyendera timphete kamodzi-kamodzi, mukukoka ndi cala. Amene mufuna kuona kasokedwe ka mphete ya khonje, uzani mlangizi wa dera lanu kuti akonze tsiku. Mubwere ndi singano, phula ndi cigamba ca lona lakale.