Zilembo za pa makadi a ukwati zabutsa mkangano

Nyengo ya maukwati ikafika, m'mashopu osindikiza mumadzaza makadi a chinkhoswe ndi ukwati. Chaka chino ambiri mwa makadiwa akufanana: mayina a akwati akulembedwa ndi zilembo zazitali zimene mizere yake yoimirira ndi yonenepa kwambiri, pomwe yopingasa ndi yowonda ngati ulusi. Okonza makadi pakompyuta amazidziwa ndi mayina a Bodoni ndi Didot.

Zilembozi ndi zakalekale. Zinachokera ku Parma m'dziko la Italy komanso ku Paris chakumapeto kwa zaka za m'ma 1700, pamene mapepala osalala anayamba kulola kuti mzere wowonda utuluke wosadukaduka. Kenako magazini a mafashoni anazikonda pa zikuto zawo, ndipo mpaka lero munthu akaziona amaganiza za katundu wodula.

Pashopu ina ku Limbe panali khadi limene aliyense wolowa ankayamba walinyamula. Pepala lake linali lokhuthala, loyera mopitira ku chikasu. Pakati panali mayina awiri okha, akuda bii, malo ena onse atasiyidwa opanda kanthu. Chilembo cha O chinatupa mbali zonse ziwiri koma n'kupyapyala pamwamba ndi pansi. Timizere ta kuphazi kwa M tinagona mowongoka, topanda kukhota kulikonse. Ngakhale utaima pakhomo, mayinawo ankawerengeka bwinobwino.

Kuseri kwa khadilo nkhani inali ina. Ndondomeko ya mwambo inalembedwa ndi zilembo zomwezo, koma zing'onozing'ono, zoyera pa mtundu wofiirira. Inki inali itameza timizere towonda tija, moti e ankaoneka ngati c, pomwe H anangotsala mizere iwiri yoimirira. Azakhali a mkwatibwi, amene anabwera kudzatenga makadiwo, anavala magalasi, anasendera pawindo, komabe nthawi yodalitsira ukwati anachita kufunsa.

Apa mpamene panagona mkangano. Mnyamata amene anakonza khadilo ankati vuto ndi makina a pashopupo, poti pakompyuta yake chilichonse chinkaoneka bwino, ndipo kusakaniza mitundu ya zilembo kumachotsa ulemu wa khadi. Bambo wosindikiza wa pashopupo ankakana. Kwa iwo zilembo zotere ndi za mitu ya nkhani, mayina ndi zikwangwani basi. Zikachepa, kusiyana kwa mizere kumathobwa m'maso, ndipo ngakhale makina apamwamba sangathe kupulumutsa kamzere koyera kozunguliridwa ndi inki yambiri.

Mbiri ikuoneka kuti ili kumbali ya bamboyo. Kale zilembo zikadali zachitsulo, saizi iliyonse inkasemedwa payokha, ndipo zazing'ono ankazinenepetsako timizere dala. Mafonti ambiri aulere a masiku ano ali ndi chojambula chimodzi chimene kompyuta imangochikulitsa kapena kuchichepetsa. Mnyamatayo sanagonje kwenikweni, koma anavomera kuti malo, nthawi ndi manambala a foni alembedwe ndi zilembo za mizere yofanana kunenepa.

Ndiponso makadi ambiri sakufikanso ndi papepala pomwe. Akungotumizidwa pa WhatsApp, pomwe chithunzi chimafinyidwa timizere tija n'kuzilala, ndipo oitanidwa ambiri amangoyang'ana deti ndi kumene kukachitikire madyerero.