Galu kapena mphaka wanu akutuluka manthongo? Chitani izi

M'miyezi ya fumbi ngati Okutobala, kumadera monga Guilleme ku Mchinji, maso a agalu ndi amphaka amafiira, kutuluka misozi kapena manthongo. Mukaona zotere, pukutani ndi kansalu koyera konyowetsa m'madzi owiritsa amene azizira.

Musathiremo shuga, fodya kapena mankhwala a maso a anthu. Ena amakulitsa chilonda mpaka diso kufa. Diso likayera ngati ng'ala, kapena chiweto chikamangotsinzina tsiku lonse, pitani nacho kwa alangizi a ziweto.

Koma galu akamatuluka dovu ndi kulusa mwachilendo, musamugwire kumaso: chikhoza kukhala chiwewe. Akakulumani, tsukani balalo ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15, kenako thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.