Mbozi nayonso imadwala, koma muyenera kuipeza ikadali yaing'ono

Mvula ikakhazikika, chimanga n'kufika m'mawondo, nkhani pa Mchinji Boma imakhala imodzi basi: mbozi. M'mashopu ogulitsa zipangizo zaulimi mumadzaza anthu ochokera ku Kamwendo, ku Mkanda mpaka kumidzi ya m'malire a Zambia, aliyense akufuna mankhwala amphamvu poti amene anapopera sabata yatha sanaphule kanthu.

Mbozi imeneyi, ya mtundu wa ntchemberezandonda, kwawo n'ku America. Inaoneka koyamba mu Africa mu 2016, ndipo pofika Disembala 2017 inali itasakaza minda kwambiri moti Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti m'maboma 20 mwagwa ngozi. Chifikireni sinachokenso.

Koma kodi mumadziwa kuti mbozi nayonso ili ndi matenda ake? Mwina munaonapo ina italendewera pa tsamba, yofewa, yakuda, ukaikhudza n'kuphulika timadzi. Nthawi zambiri imeneyo imakhala yaphedwa ndi vayirasi yotchedwa NPV. Mbozi imameza vayirasiyi pamodzi ndi tsamba. Ikafika m'mimba, chikuto chake chimasungunuka, iyo n'kulowa m'maselo a matumbo, kenako n'kufalikira thupi lonse. Pakapita masiku angapo mbozi imasiya kudya, imakwera pamwamba pa phesi n'kufera pomwepo, timadzi take n'kudonthera pa masamba amene zinzake zikudya. Vayirasiyi sigwira anthu, ziweto kapena njuchi.

Nanga bwanji mbozi zonse sizikutha? Yankho n'lakuti nazonso zili ndi chitetezo cha m'thupi. Si chofanana ndi chathu, chifukwa tizilombo tilibe asilikali a mtundu wa ma antibody amene katemera amadzutsa mwa munthu. Chimene timadalira kwambiri ndi maselo a m'magazi mwake pamodzi ndi ma enzyme, timapuloteni timene timafulumizitsa ntchito za m'thupi.

Imodzi ndi lysozyme, imene imapezekanso m'misozi yathu. Ntchito yake yodziwika n'kuswa khungu la mabakiteriya. Ina ndi Dicer, imene imakhala ngati lumo: imadula uthenga wa vayirasi kuti isachulukane. Koma yosavuta kuimvetsa ndi phenoloxidase. Mukasenda nthochi yaiwisi kapena mbatata ya kachewere n'kuisiya pamtunda, paja imada? Imene imadetsayo ndi enzyme ya banja lomwelo. M'thupi mwa mbozi, iyoyo imapanga utoto wakuda umene umatseka bala ndi kukuta mdani amene walowa.

Mu 1998, asayansi a ku Britain, mmodzi mwa iwo Kenneth Wilson, anafalitsa zimene anapeza pa ntchemberezandonda yathu yakale ija, yoyenda m'chigulu. Mbozi zokulira pothinana zinali zakuda kwambiri, zinali ndi phenoloxidase yochuluka, ndipo zinkapirira vayirasi kuposa zokulira pazokha. Ndiye kuti thupi lake limakonzekeratu nkhondo likazindikira kuti pali chigulu, pamene matenda safuna kuitanira.

Apa ndiye pali phunziro la banja lililonse lokhala ndi munda. Mbozi ikamakula imalimba. Yongoswa kumene imafa ndi vayirasi yochepa, pamene yaikulu imafuna yochuluka zedi, komanso imakhala itabisala kale pakati pa chimanga, pamene pamatulukira tsamba latsopano. Ngakhale mankhwala ogula a vayirasi, monga Fawligen, amagwira bwino ntchito pa mbozi zazing'ono. Tikamadikira mpaka masamba aboke mabowo aakulu ndi ndowe zooneka ngati utuchi ziunjikane, tachedwa kale.

Ndiye tichite chiyani? Yenderani munda kawiri pa sabata chimanga chikangomera. Yang'anani timazira tounjikana pa masamba ndi timawanga tooneka ngati pepala lopyapyala, pamene kambozi kakokota. Mazirawo aphwanyeni ndi chala. Ana asukulu angathandize Loweruka m'mawa, maso awo ndi akuthwa kuposa a agogo.

Bungwe la FAO limatchulanso njira imene alimi ena amatsata: kutola mbozi zofa ndi matenda, kuzitikita m'madzi, kusefa ndi kansalu, n'kupopera pa chimanga chogwidwa. Zofa ndi mankhwala a m'botolo sizithandiza. Poperani madzulo, chifukwa dzuwa limaononga vayirasi. Musayembekezere kuona mitembo m'mawa mwake, zimatenga masiku. Ndipo musanasakanize chilichonse, kambiranani ndi alangizi a zaulimi a kudera kwanu.

Feteleza timamugula modula, mbewu chimodzimodzi. Kuzungulira munda kwa theka la ola sikulira ndalama, koma kungasiyanitse nkhokwe yofika mu Febuluwale ndi yothera mu Okutobala.