Akhwangwala 51 ndi chikho chosagwirika

Inali cha m'ma 2 koloko usiku pomwe ine ndi msuweni wanga tinakuwa mpaka agalu a aneba anayamba kuuwa. Kunalibe wakuba. Tinali titangogonjetsa Sigrun, mfumukazi ya ma Valkyrie mu gemu ya God of War, yemwe anakhala akutipha kwa masiku anayi otsatizana. Pakona ya TV panatuluka kabokosi kakang'ono, kenako kaphokoso kaja koti "ting!", ndi chithunzi cha chikho.

Mayi anasuzumira pakhomo la kuchipinda kwawo, maso ali gwa.

"Kwagwanji?"

"Tapata chikho, azakhali," anayankha msuweni wanga, akupumira m'mwamba.

"Chili kuti chikhocho? Bweretsani tichiike pa kabati."

Tinangoyang'anizana. Chikho chake sichigwirika, sichigulitsika, ngakhale kumwera madzi sungamwere. Ndi kachithunzi chabe pa akaunti yanga ya PlayStation. Komabe usiku umenewo tulo sitinatione chifukwa cha chimwemwe. Funso la mayi lija lakhala likundizungulira m'mutu mpaka lero: zikho za m'magemuzi, zomwe anzathu amangoti ma trophy, zili ndi phindu lanji kwa wosewera?

Kwa amene simunagwirepo padi, nkhani yake ili motere. Opanga gemu amalemba mndandanda wa zinthu zoti uchite: maliza gawo lakuti, gonjetsa chilombo chakuti, peza zinthu zobisika zakuti. Ukachita chimodzi, makina amakupatsa chizindikiro chomwe chimakhala pa akaunti yako, pamodzi ndi tsiku komanso nthawi yomwe unachipezera. Anayambitsa izi m'njira yomwe tikuidziwa lero ndi a Microsoft, pomwe anatulutsa Xbox 360 m'chaka cha 2005. Gemu iliyonse yathunthu inkabwera ndi mapointi 1,000, ndipo onse ukawaphatikiza amapanga nambala imodzi yotchedwa Gamerscore. Steam, msika wa magemu a pa kompyuta, inatsatira mu 2007. Sony inabweretsa zikho zake mu 2008, m'magulu anayi: zamkuwa, zasiliva, zagolide, ndi chachikulu pa zonse, Platinum, chomwe umapata pokhapokha utatolera zina zonse za gemuyo.

Ganizoli palokha ndi lakale kuposa apo. M'zaka za m'ma 1980, kampani ya Activision inkauza osewera kuti akafika mapointi akutiakuti ajambule chithunzi cha TV yawo n'kutumiza pa positi. Pa gemu ya Pitfall! mapointi ake anali 20,000. Kampaniyo inkawabwezera kachigamba kansalu kosokera pa jekete. Chimenecho ndiye mayi anga akanachimvetsa, poti chinkagwirika.

Ngati mukuganiza kuti izi ndi za anthu okhala ndi PlayStation okha, tayang'anani foni yanu. Google Play Games ili ndi mndandanda wake wa zopambana. Duolingo imawerenga masiku omwe waphunzira osadumphitsa, Snapchat nayo imawerenga masiku omwe mwatumizirana zithunzi ndi mnzako. Ndikudziwa anthu omwe amagula kabandulo ka tsiku limodzi pakati pa usiku, osati kuti ali ndi uthenga wofunika, koma kuopa kuti nambala ija ingabwerere pa ziro. Mtima wake ndi womwewo.

Kuno kwathu ambiri tinaphunzirira gemu m'timashopu ta m'makwalala, momwe umalipira pa mpira uliwonse wa FIFA, anthu khumi ataunjikana kumbuyo kwako, aliyense ali kochi. M'malo amenewo kabokosi ka chikho kakatuluka palibe amakayang'ana. Akauntiyo ndi ya mwini shopu, ndiye chikhocho n'chake, ngakhale iye ali panja akugula chipisi. Chomwe anthu amalimbirana pamenepo ndi china: woluza alipire, ndipo amve mawu mpaka mawa. Ukam'menya mnzako zigoli zisanu anthu akuona, nkhaniyo ifika kwawo iye asanafike. Ine ndinakulira m'menemo, ndipo zikho ndinalibe nazo ntchito mpaka pomwe ine ndi msuweni wanga tinasonkherana n'kugula PS4 yogwiritsidwapo kale. Tinatsegula akaunti m'dzina langa. Kwa nthawi yoyamba, zomwe tikuchita zinayamba kulembedwa penapake.

Ndiyenera kuvomereza kuti poyamba zinandikomera, ndipo pali zifukwa zomveka. Chikho chabwino chimakukankhira komwe sukanapita wekha. Ma Valkyrie a mu God of War sali panjira ya nkhani yaikulu. Ukhoza kumaliza gemu yonse osamenyana nawo. Popanda mndandanda uja, Sigrun tikanam'siya atatipha kachiwiri. Koma poti panali chikho, tinakhala pansi n'kuyamba kumuphunzira: akauluka chonchi uthawire kumbali, akabwera chonchi utchinge ndi chishango, apa usayerekeze kutchinga. Tinkasinthana padi aliyense akafa. Wina akusewera, wina akukuwa malangizo omwe iye mwini analephera kuwatsata mphindi ziwiri zapitazo. Pa zonse zomwe tinachita mu gemu imeneyo, masiku anayi amenewo ndi omwe ndimawakumbuka bwino.

Palinso zikho zina zomwe zimangokhala nthabwala yabwino. Mu Half-Life 2: Episode Two, gemu ya mu 2007, muli chopambana chofuna kuti unyamule kachidole ka m'munda kuyambira koyambirira mpaka kukakaika mu roketi chakumapeto, adani akukuthamangitsa njira yonse. Anthu anakakonda kachidoleko mpaka mu 2020 kampani ya Rocket Lab inatumiza kachidole kenikeni kofanana nako mumlengalenga kuchokera ku New Zealand, mogwirizana ndi Gabe Newell, mkulu wa kampani ya Valve yomwe inapanga gemuyo. Gemu ina, The Stanley Parable, imakupatsa chopambana ukakhala zaka zisanu osaisewera. Apa opanga ake akungotiseka ife tonse. Ndipo inde, alipo anthu omwe anasintha deti ya pa kompyuta yawo kuti achipeze msanga.

Tsono nkhani yanga inakhota apa. Msuweni wanga anapeza mpata wa ntchito ku Johannesburg. Ndalama ya basi inali yoperewera, ndiye tinagwirizana kuti PS4 ija igulitsidwe. Wogula anapezeka, tinapangana kuti adzaitenga pakatha sabata imodzi. Nditayang'ana mndandanda, ndinaona kuti pakati pa ine ndi Platinum yanga yoyamba patsala chinthu chimodzi chachikulu: akhwangwala a Odin. Mu gemuyi muli akhwangwala obiriwira 51 obisika m'mapiri, m'mapanga ndi pamwamba pa zipilala, ndipo uyenera kuwagenda onse ndi nkhwangwa. Ife tinali titapha ochepa chabe, mwangozi.

Sabata imeneyo ndinaithera pa akhwangwala. Dzanja lina padi, dzanja lina foni, ndikuonera kanema wa pa YouTube wa munthu wosonyeza pomwe khwangwala aliyense ali. Imitsa kanema, yenda, genda, bwerera pa foni. Bandulo inatha kawiri. Magetsi akathima ndinkakwiya ngati munthu amene wachedwa ku ntchito. Panalibe luso lililonse, panalibe kukuwa, agalu a aneba anagona mwamtendere. Madzulo aliwonse msuweni wanga ankabwera n'kukhala pambali panga.

"Aise, tiye timenye FIFA kamodzi. Ndikuchoka Loweruka."

"Dikira, atsala asanu ndi atatu okha."

Ankadikira, kenako n'kuyamba kusewera ndi foni yake, kenako n'kukagona. Platinum inatuluka Lachisanu m'bandakucha, ndili ndekha pabalaza, voliyumu nditatsitsa kuti ndisadzutse anthu. "Ting!" Ndinajambula chithunzi, n'kuika pa sitetasi ya WhatsApp. Anthu atatu anayankha. Mmodzi anafunsa kuti ndi mpikisano wanji ndipo ndawina zingati. Masana ake wogula anabwera kudzatenga makina. FIFA ija sitinaimenye.

Zomwe zinandichitikirazi akatswiri a kaganizidwe ka anthu anaziona kale magemuwa asanabwere. Mu 1973, Mark Lepper, David Greene ndi Richard Nisbett anafalitsa kafukufuku yemwe anachita pa ana a sukulu ya mkaka ku America, ana omwe ankakonda kujambula pawokha. Ena anawalonjeza satifiketi akajambula, ena anawapatsa mosayembekezera, ena sanawapatse kanthu. Patapita masiku, atawasiya kuti asewere momwe akufunira, ana omwe analonjezedwa satifiketi aja ndi omwe anachepetsa kwambiri kujambula. Chinthu chomwe ankachita chifukwa chochikonda chinasanduka ntchito yoyembekezera malipiro. Nditawerenga zimenezi ndinadziona ndekha pabalaza paja. Sigrun ndinamenyana naye chifukwa ndinkafuna kum'gonjetsa, chikho chinangobwera pambuyo ngati mboni. Akhwangwala aja anali ganyu. Ganyu yopanda malipiro, yomwe ndinadzilemba ndekha, n'kulipiranso bandulo.

Makampani akudziwa bwino zomwe akuchita, tisanamizane. Munthu amene akusaka zikho amakhalitsa pa gemu. Mndandanda umawauzanso opanga gemu pomwe anthu ambiri amatopera, chifukwa amaona kuti ndi angati anapata chikho cha gawo loyamba ndipo ndi angati anafika kumapeto. PlayStation imakuonetsa ndithu kuti chikho chakutichi anachipata ndi anthu angati pa 100 alionse, ndipo chomwe anachipata anthu osaposa 5 pa 100 imachiika m'gulu la zosowa kwambiri. Komanso munthu yemwe watolera zikho kwa zaka khumi pa PlayStation zimamuvuta kusamukira ku Xbox, poti sangazinyamule. N'chingwe chofewa, koma n'chingwe ndithu.

Ndipo paliponse pomwe pali nambala yodzitamandira nayo, pamabwera ochita malonda. Pali gemu yotchedwa My Name is Mayo, ya mu 2016, yomwe ntchito yake ndi kugogoda botolo la mayonezi maulendo 10,000. Basi. Imagulidwa pafupifupi dola imodzi ndipo imakupatsa Platinum pasanathe ola. Pa akaunti, Platinum imeneyo imawerengedwa chimodzimodzi ndi ya munthu amene anatuluka thukuta miyezi itatu. Ndiye wina akakuuzani kuti ali ndi ma Platinum 50, mufunseni kaye kuti ndi a magemu ati.

Kwa ife kuno palinso vuto lina lomwe olemba mindandandayi sanaliganizire. Magemu ambiri, kuphatikizapo a mpira, ali ndi zikho zomwe umapata pokhapokha ukusewera ndi anthu ena pa intaneti. Pa PS4 ndi PS5 zimenezo nthawi zambiri zimafuna PlayStation Plus, yomwe imalipiridwa m'ndalama zakunja, kuphatikizapo intaneti yosadukaduka ndi magetsi osathima pakati pa mpira. Mnyamata wa ku Ndirande akhoza kukhala katswiri woposa wa ku London, koma mndandanda wake udzaoneka wosauka. Zikatere chikho chikuyeza thumba ndi dera lomwe munthu akukhala, luso lili pambali. Ndiponso kampani ikatseka maseva a gemu yakale, zikho za pa intaneti za gemuyo zimafera pomwepo, palibe angazipatenso.

Sindikunyoza osaka zikho ayi. Ray Cox wa ku America, yemwe amadziwika kuti Stallion83, anakhala munthu woyamba kufika Gamerscore ya 1 miliyoni mu 2014, atasewera zaka zoposa zisanu ndi zitatu. Ena amatolera masitampa, ena majezi a mpira, iye anatolera zimenezo, ndipo ngati zinkamusangalatsa ndine ndani kuti ndimuweruze? Koma tionenso mbali inayi. Nintendo Switch ilibe mndandanda wa zikho wa makina onse monga zilili ku Sony ndi Microsoft, koma Mario Kart 8 Deluxe yagulidwa makope oposa 60 miliyoni. Anthu amenewo akusewera popanda wowalemba m'kaundula, monga momwe tinkachitira m'kashopu kaja.

Tisanapereke makina kwa wogula, ndinalumikiza PS4 ku intaneti ya pa foni yanga kuti zikho zonse zikwere pa akaunti, poti zikangokhala m'makina osazikweza zimapita nawo. Lero ndimatha kuziona pa PlayStation App. Chodabwitsa n'chakuti Platinum ija sindiitsegula kawirikawiri. Ndikaiona ndimakumbuka msana wa msuweni wanga akulowa kuchipinda. Chomwe ndimatsegula ndi cha ma Valkyrie chija, chifukwa pansi pake palembedwa tsiku ndi nthawi, ndipo nthawiyo imandibwezera agalu akuuwa, mayi ali pakhomo, ndi funso lawo la kabati. Zithunzi za usiku umenewo tilibe. Chilipo ndi kamzere kameneko.

Mwezi wathawu ndinam'tumizira chithunzi cha kamzereko pa WhatsApp. Anayankha usiku, ataweruka ku ntchito, ndi uthenga wamawu.

"Iwe, chikho chimenecho n'changa. Padi inali m'manja mwanga pomwe Sigrun amagwa."

Ndinamuuza kuti akunama, ndinali ine, iye ankangokuwa. Tinakangana mphindi makumi awiri, aliyense akufotokoza nkhonya yomaliza ngati anaijambula. Mndandanda sungatithandize, umangonena dzina la akaunti, sunena amene anagwira padi. Za akhwangwala sanatchuleko, inenso sindinayambitse. Pomaliza anati akadzabwera pa Khirisimasi tidzapite kukashopu kaja, ndipo ndikonzeretu ndalama, poti woluza ndiye alipira.